Galimoto ya Banja ndi Mafuwa Ake Atatu

Nkhani ya pa wailesi ya masukulu: Sayansi ndi Mbiri ya Dera Lathu, Giredi 5 ndi 6

KWA APHUNZITSI, NKHANI ISANAYAMBE

Jambulani mapu a Zambia pa bolodi, ndipo muikepo Livingstone, Lusaka, Ndola ndi Chipata. Kunja kwa malire muikepo doko la Dar es Salaam. Pambali pa mapuwo jambulani mphika uli pa mafuwa atatu. Lembaninso mawu awa kuti ana ayambe kuwazolowera: injini, pisitoni, rediyeta, masipeya, ndalama zakunja. Ngati n'kotheka bwerani ndi kansalu koyera ndi mafuta odzola pang'ono.

NKHANI

Moni ananu nonse, moninso aphunzitsi. Lero tili mu mzinda wa Livingstone, pafupi ndi pamene mtsinje wa Zambezi umagwera m'phompho la Mosi-oa-Tunya, ndipo tikambirana za galimoto, imene ambiri kuno amaitcha motoka. Sitikamba za malole aakulu onyamula mkuwa ai, koma za kagalimoto kakang'ono ka banja, ka anthu asanu, kamene bambo kapena mayi amagula atasunga ndalama zaka zambiri, mwinanso atatenga ngongole.

Mukamayenda m'makomboni a Maramba, Dambwa kapena Libuyu, muziyang'ana m'mabwalo a nyumba. Simudzayenda nthawi yaitali musanaone galimoto yokhala pa miyala, matayala atachotsedwa, udzu utamera pansi pake, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wakumbuyo. Galimoto imeneyo tsiku lina inafika pakhomopo ikunyezimira, amayi naimba nthungululu. Nanga chinachitika n'chiyani? Mukafunsa, ena adzati mwini wake ngwatsoka, ena adzati mtundu umenewo wa galimoto ngwachabe, enanso adzanong'ona kuti alipo amene anaichitira nsanje. Ine ndifuna kuti pomaliza nkhaniyi mukhale mukudziwa kuti galimoto siifa popanda chifukwa, ndi kuti chifukwacho munthu angathe kuchipeza.

ULENDO UMENE SUNAFIKE

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Zaka zingapo zapitazo ndinagula kagalimoto kogwirapo kale ntchito kutsidya la nyanja. Kanali kokongola, ndipo kankandifikitsa kulikonse. Koma mwezi wina ndinayamba kuona timadontho ta madzi pansi pake m'mawa uliwonse. Ndinkangotunga madzi pa mpope, n'kuthira, n'kumapita ku ntchito, mumtima ndikuti ndidzakonzetsa ndikalandira malipiro.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala ndinanyamula amayi anga kupita nawo kwa dokotala wa maso, pa chipatala china cha m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Tsikulo anali ataliyembekezera miyezi iwiri, pakuti diso lawo limodzi linali litachita ng'ala. Dzuwa linali la phwee. Titayenda makilomita ngati 40, ndinaona kasingano kosonyeza kutentha kwa injini kakukwera. Ndinati mumtima, tatsala pang'ono, tifika. Posakhalitsa nthunzi inafuka pa boneti, injini inatsokomola, nizima. Tinakhala pansi pa mtengo wa mopane, umene mthunzi wake ngwochepa, kufikira madzulo. Amayi sanandikalipire. Anangoti, "Mwanawe, kodi chinthuchi sichinakuuze kuti chikudwala?" Tsiku la dokotala linapita, ndipo anayembekezanso milungu yambiri asanaonedwe.

Galimotoyo tinachita kuikoka kupita nayo kwa makaniko wina wachikulire, amene pa unyamata wake anagwirapo ntchito pa fakitale ya magalimoto ya mu mzinda uno. Atavundukula boneti anandionetsa kapaipi ka labala kong'ambika. Mtengo wake sunaposa wa thumba laling'ono la ufa. Koma popeza injini inayenda yopanda madzi, gasiketi inapsa ndipo mutu wa injini unapindika, kotero kuti kukonza kwake kunadya malipiro anga a miyezi iwiri.

Ndinati, "Atate, galimotoyi ndi yosadalirika. Ndingoigulitsa."

Iwo anaseka, nati, "Mwana wanga, mphika ukagwa pamoto, kodi umayamba wakalipira mphika? Umayang'ana mafuwa. Galimoto imakhala pa mafuwa atatu. Loyamba, ikhale yoyenerana ndi ntchito yake ndi dziko limene ikuyendamo. Lachiwiri, masipeya ake azipezeka pamodzi ndi munthu wodziwa kuwaika. Lachitatu, mwini wake akhale wa maso ndi makutu. Limodzi likachoka, nsima yatayika."

Tsono tiyeni tione mafuwa amenewa limodzilimodzi.

FUWA LOYAMBA: GALIMOTO NDI DZIKO LAKE

Kuti timve chimene chimavuta, tiyenera kudziwa chimene chimachitika pansi pa boneti. Mu injini muli timiphika tachitsulo totchedwa masilinda. Galimoto yaing'ono imakhala nato titatu kapena tinayi. M'kamphika kalikonse muli pisitoni, imene imakwera ndi kutsika monga munsi mu mtondo. Ntchito yake ili ndi magawo anayi. Poyamba imatsika nikoka mpweya wosakanizika ndi petulo. Kachiwiri imakwera nipanikiza mpweyawo. Kachitatu pulagi imathetheka moto, petulo naphulika, ndipo kuphulikako kumakankha pisitoni pansi mwamphamvu. Kachinayi imakweranso nitulutsa utsi. Kukankha kuja ndiko kumazungulitsa zitsulo zimene zimakafikitsa mphamvu ku matayala.

Mayi wodziwa kusinja amagwetsa munsi mwina kamodzi pa sekondi. Koma galimoto ikamathamanga pa msewu waukulu, injini ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi, pisitoni iliyonse imakwera ndi kutsika ka 50 pa sekondi imodzi. Ndiponso mwa mphamvu zonse zimene zili mu petulo, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu, mwinanso kucheperapo, ndilo limayendetsa galimoto. Zotsalazo zimasanduka kutentha. Choncho injini ndi ng'anjo ya moto yomangidwa m'chitsulo, ndipo imafuna madzi oiziziritsa, oilo wofewetsa zitsulo zake, ndi mpweya woyera wopuma.

Kagalimoto ka banja kamene tikudziwa lero kali ndi mbiri yake. Kale injini inkaikidwa molunjika, niyendetsa matayala akumbuyo, ndipo inkadya malo ambiri. Mu 1959 ku Britain kunatuluka galimoto yotchedwa Mini, imene injini yake inaikidwa chopingasa niyendetsa matayala akutsogolo. Injiniya wina wa ku Italy, Dante Giacosa, anaiwongola nzeru imeneyi, ndipo inafalikira kwambiri ndi galimoto ya Fiat 128 ya mu 1969. Chifukwa cha kaikidwe kameneka galimoto yaifupi imakhala ndi malo okwanira anthu asanu ndi katundu wawo, imapepuka, ndipo imamwa petulo pang'ono. Magalimoto aang'ono ambiri amene mukuwaona mu msewu wa Mosi-oa-Tunya amatsata mapangidwe omwewa.

Komatu amene anapanga magalimoto otere ankaganiza za misewu ya phula ya ku Ulaya ndi ku Japan. Galimoto yaing'ono imakhala pafupi ndi nthaka, kotero kuti mwala kapena dzenje limagunda mimba yake msanga. Kuno ku Livingstone tili pa mchenga wa Kalahari, ndipo mukangochoka pa phula kulowera ku midzi, matayala amatitimira ndi fumbi limalowa paliponse. M'mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 35. Tikaisenzetsanso matumba a simenti, makala ndi anthu asanu ndi atatu, masipuling'i amafooka, mabuleki amatentha, injini nivutika. Pamenepo galimoto sinalakwe. Taipatsa ntchito ya lole. Munthu amene amayenda tsiku ndi tsiku pa msewu wa mchenga ayenera kuganiza kawiri asanagule galimoto yotere, pamene wa m'tauni ingam'tumikire zaka zambiri.

FUWA LACHIWIRI: PHUNZIRO LA FAKITALE YA KU LIVINGSTONE

Ambiri a inu simudziwa kuti mzinda uno unkatulutsa magalimoto. Zambia italandira ufulu mu 1964, boma la Pulezidenti Kenneth Kaunda linafuna kuti dziko lisamangodalira mkuwa, ndi kuti ntchito zisamangopezeka ku Lusaka ndi ku migodi. Motero mafakitale anamangidwa m'madera osiyanasiyana: wa mabatire a tochi ndi wailesi ku Mansa, wa mabotolo ku Kapiri Mposhi, wa nsalu ku Kafue, wa njinga ku Chipata. Livingstone, amene anali likulu la dziko kuyambira 1911 kufikira 1935, analandira fakitale ya magalimoto yotchedwa Livingstone Motor Assemblers. Boma, kudzera m'bungwe lake la Indeco, linali ndi gawo lalikulu, ndipo kampani ya Fiat ya ku Italy inali ndi gawo locheperapo. Ntchito inayamba mu 1972. M'fakitaleyo munatuluka magalimoto monga Fiat 127 ndi Fiat 128, ndipo pambuyo pake munatulukanso Peugeot 504 ndi Mazda 323. Kwa aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki a m'maofesi a nthawi imeneyo, kukhala ndi kagalimoto kolumikizidwa ku Livingstone chinali chinthu chonyaditsa.

Koma tamverani bwino apa. Fakitaleyo sinkasula injini kapena kuumba zitsulo zikuluzikulu. Zigawo za galimoto zinkabwera m'mabokosi kuchokera kunja, ndipo amisiri athu ankazilumikiza chimodzichimodzi kufikira galimoto yathunthu itaima pa matayala. Mabokosi amenewo sankagulidwa ndi kwacha, koma ndi ndalama zakunja, ndiye kuti ndalama za maiko ena monga madola. Nanga Zambia ankazipeza kuti ndalama zimenezo? Pa ndalama zakunja 100 zilizonse, zoposa 90 zinkachokera ku mkuwa.

Tsono mavuto atatu anagwa motsatana. Mu Januwale 1973 boma la Ian Smith la ku Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, linatseka malire. Mlatho wa pa Victoria Falls, umene unamangidwa mu 1905, uli pa makilomita ngati 10 okha kuchokera m'tauni muno, koma katundu wa Zambia analeka kudzera njira ya kum'mwera imeneyo kufikira Okutobala 1978. Katundu wambiri anayamba kudzera ku Dar es Salaam. Yang'anani pa mapu: kuchokera ku doko limenelo kufika ku Livingstone ndi makilomita oposa 2,000. Chachiwiri, kumapeto kwa 1973 ndi kuchiyambi kwa 1974 mtengo wa mafuta a galimoto pa dziko lonse unakwera pafupifupi kanayi. Chachitatu, pofika 1975 mtengo wa mkuwa unali utagwa kwambiri. Zogula zinakwera mtengo, chogulitsa chinatsika, ndipo ndalama zakunja zinasowa.

Zotsatira zake zinafika mpaka pakhomo pa mphunzitsi wa ku Maramba. Mabokosi anayamba kubwera mwa apo ndi apo, fakitale nitulutsa magalimoto ochepa kuyerekeza ndi amene ikanatha kutulutsa. Masipeya nawonso anasowa m'masitolo. Galimoto ili ndi tizigawo masauzande ambiri, ndipo kamodzi kokha kakafa, kaya ndi kalamba ka labala kaya kachitsulo konga chala, galimoto yonse imaima. Munthu ankayembekeza miyezi kuti apeze kanthu kokwana m'thumba la malaya. Amakaniko a masiku amenewo anasanduka anthu a nzeru zodabwitsa: ankadula labala ku matayala akale, ankasema magasiketi ndi manja, ndiponso ankagulula zitsulo ku galimoto yakufa kuti ina ikhale ndi moyo. Apa mpamene magalimoto ambiri anakwera pa miyala, ndipo ena sanatsikenso.

Anthu ambiri anaimba mlandu magalimotowo. Koma taganizani: Fiat 127 yomweyo inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka cha 1972 ku Ulaya, ndipo kumeneko inagulidwa ndi anthu mamiliyoni. Nayonso inkadwala monga makina ena onse, koma mwini wake ankalowa m'sitolo ya pafupi, nagula chofunikacho, madzulo galimoto n'kumayenda. Kuno nthenda yomweyo inkagoneka galimoto chaka chathunthu. Kusiyana kwakukulu sikunali m'chitsulo ai, kunali pa fuwa lachiwiri.

Mu 1991 boma linasintha, ndipo boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linatsegula malonda ndi maiko akunja. Magalimoto ogwirapo kale ntchito anayamba kulowa pa mtengo wotsika, ndipo m'zaka za m'ma 1990 fakitale ya ku Livingstone inaleka kulumikiza magalimoto. Ambiri amene tikuona lero, monga Toyota Corolla ndi Toyota Vitz, amachokera ku Japan. Zifukwa zake ndi ziwiri. Ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga ife, choncho chiwongolero chili mbali yoyenera. Ndiponso lamulo la kumeneko limafuna kuti galimoto ipimidwe ikatha zaka zitatu, ndi pambuyo pake zaka ziwiri zilizonse, ndipo kupimitsako n'kodula, kotero ambiri amagulitsa galimoto ikadali yolimba. Magalimotowa amafika pa sitima za pamadzi ku Dar es Salaam, ku Durban kapena ku Walvis Bay, ndipo ena amalowa m'dziko lino pa mlatho wa Kazungula, umene unatsegulidwa mu Meyi 2021.

Kodi tsono vuto la masipeya linatha? Linachepa ndithu, koma linasintha nkhope. Wogula galimoto ya mtundu wofala amapeza masipeya mosavuta, pamene wogula ya mtundu wosowa, pofuna kuti anthu azim'cheukira, amabwerera ku mavuto a 1978. M'masitolo mulinso masipeya otsika mtengo amene amaoneka ngati enieni koma sakhalitsa. Magalimoto a masiku ano ali ndi kakompyuta kolamulira injini, ndipo makaniko amafunika makina owerengera kakompyutako, osati sipanala yokha. Kuwonjezera apo, galimoto yofika lero ingakhale itatha kale zaka khumi. Utoto umanyezimira, koma labala wa mapaipi ndi malamba amakhala atakalamba. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wanzeru asanapereke ndalama amayamba wapita kwa amakaniko ndi ku masitolo kukafunsa ngati mtundu umenewo amaudziwa, pakuti safunsa anadya phula.

FUWA LACHITATU: MWINI WA MASO NDI MAKUTU

Fuwa ili ndilo lili m'manja mwathu. Tambasulani dzanja lanu, ananu, tiwerenge zinthu zisanu pa zala.

Chala choyamba ndi madzi. Madzi amazungulira mu injini natenga kutentha, napita nako ku rediyeta kumene mphepo imawaziziritsa. M'mbali mwa nyanja yamchere madzi amawira pa madigiri 100, koma Livingstone ali pamtunda wa mamita pafupifupi 900, ndipo kuno amawira pa madigiri ngati 97. Injini imagwira bwino ntchito pa madigiri ngati 90. Mukuona kuti mpata wake ngwochepa. Chotsekera cha rediyeta chimapanikiza madziwo kuti asawire msanga, ndipo mankhwala amene amasakanizidwa ndi madziwo amaletsa dzimbiri. Paipi ikang'ambika, kupanikiza kuja kumatha, madzi amawira nathawa. Kasingano ka kutentha kakakwera, woyendetsa aime pomwepo ndi kuzimitsa injini.

Chala chachiwiri ndi oilo. Tapekesani manja anu ouma mwamphamvu. Mwamva kutentha? Tsono mukadzola mafuta, manja amaterereka. Umo ndi mmene oilo amatetezera zitsulo kuti zisadyane. Oilo akakalamba amada ndi kutha mphamvu, choncho ayenera kusinthidwa pa nthawi imene buku la galimotoyo linena. Chifukwa cha fumbi ndi kutentha, amakaniko ambiri kuno amalangiza kusintha pa makilomita 5,000 alionse.

Chala chachitatu ndi mpweya. Kuti injini itenthe lita imodzi ya petulo imakoka mpweya wokwana malita oposa 9,000. Mpweya wa mwezi wa Sepitembala ndi Okutobala umadzaza fumbi, ndipo fumbi ndi timiyala tating'onoting'ono. Tikalowa m'masilinda timapala chitsulo monga mchenga umapalira mphika. N'chifukwa chake pali sefa ya mpweya, imene amakaniko amaitcha fyuluta. Ikatsekeka, injini imabanika, mphamvu imachepa, petulo natha msanga.

Chala chachinayi ndi batire. Batire la galimoto yaing'ono lili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse cha mavoti ngati awiri, zonse pamodzi mavoti 12. Kutentha kumalikalambitsa msanga, ndipo mitu yake ikachita zoyera ngati mchere magetsi sadutsa bwino. Nthawi zambiri galimoto yokana kulira m'mawa siinafe ai, koma mitu ya batire yada kapena yakhwefuka.

Chala chachisanu ndi matayala pamodzi ndi mabuleki. Pamene tayala lililonse limagunda msewu ndi malo ofanana ndi chikhatho cha munthu wamkulu. Moyo wa banja lonse umatsamira pa zikhatho zinayi zimenezo. Tayala lopanda mpweya wokwanira limatentha ndipo lingaphulike. Tayala losalala limaterereka mvula ikagwa. Mabuleki akayamba kulira kapena kulowa pansi kwambiri, ulendo uyambe waima. Bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2002, limapima magalimoto kuti lione ngati ali oyenera kuyenda pa msewu. Kupimako si chilango, koma chitetezo cha okwera ndi oyenda pansi omwe.

Zonsezi zimafuna ndalama, ndipo apa mpamene mabanja ambiri amapunthwa. Amasonkhanitsa ndalama zogulira galimoto, naiwala kuti galimoto idzadya mwezi uliwonse: petulo, oilo, matayala, inshuwalansi ndi msonkho wa msewu. Walira mvula walira matope. Banja lanzeru limapatula kangachepe mwezi ndi mwezi kuti kadikire tsiku la kukonza, chifukwa tsikulo lidzafika ndithu. Likapanda kutero, ndalama za sukulu kapena za chakudya ndizo zimalowa mu injini. Ndipo ngati banja litawerengera bwino lipeza kuti silingakwanitse, palibe manyazi kuyenda pa njinga kapena pa basi.

MPHIKA UNAGWA CHIFUKWA NINJI?

Tibwerere kwa kagalimoto kanga. Kodi ndi fuwa liti linachoka tsiku lija? Msewu unali wa phula, katundu anali wochepa, choncho loyamba linalipo. Kapaipi kaja kanali m'sitolo m'tauni momwemuno, choncho lachiwiri linalipo. Linachoka ndi lachitatu. Galimoto inandiuza kwa mwezi wathunthu ndi timadontho tija, inandiuzanso ndi kasingano, koma ine sindinamve. Sindinaigulitse. Ndinagula kabuku kolembamo tsiku lililonse limene ndasintha oilo kapena chinthu china, ndi makilomita amene yayenda. Loweruka lililonse m'mawa, injini isanatenthe, ine ndi mwana wanga wamkazi timawerenga zala zisanu zija. Imadwalabe nthawi zina, pakuti ndi yakale, koma sinatisiyenso m'tchire.

Inu ananu simuyendetsa galimoto, koma maso anu ngakuthwa. Mukaona madontho pansi pa galimoto ya kwanu, kapena tayala lophwa, kapena mukamva fungo la chinthu chopserera, uzani akuluakulu mwaulemu. Ndipo sungani malamulo anayi awa. Musatsegule chotsekera cha rediyeta injini ili yotentha, pakuti madzi ndi nthunzi zimatumphuka ndi kuwotcha nkhope. Musasewere pansi pa galimoto yokhala pa miyala kapena pa jeke. Musakhudze madzi a m'batire, chifukwa ndi asidi. Mukakwera, khalani kumbuyo ndi kumanga lamba.

Mwina pakati panu pali amene adzakhala makaniko, kapena injiniya wopanga masipeya m'dziko lomwe lino, kuti fuwa lachiwiri lisamachokerenso kutsidya la nyanja. Ntchito imeneyo imayamba ndi masamu ndi sayansi zimene mukuphunzira lero, ndiponso ndi chizolowezi chofunsa kuti chinthu chaonongeka chifukwa ninji. Tsalani bwino, ananu. Tidzakumananso sabata yamawa pa nthawi yomweyi.

KWA APHUNZITSI, NKHANI ITATHA

1. Ana atchule mafuwa atatu a galimoto, ndipo afotokoze m'mawu awoawo chimene chimachitika limodzi likachoka.

2. Pa mapu aja, ana asonyeze njira yochokera ku Dar es Salaam kufika ku Livingstone. Afotokoze mmene kugwa kwa mtengo wa mkuwa mu 1975 kunakhudzira mwini galimoto wa ku Maramba.

3. Masamu: kuchokera ku Livingstone kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 470. Ulendo wopita ndi kubwera ndi makilomita angati? Ngati oilo asinthidwa pa makilomita 5,000 alionse, ndi maulendo angati athunthu opita ndi kubwera amene galimoto ingayende oilo asanasinthidwe?

4. Kuyesa: pakani mafuta pang'ono pa kansalu koyera, mukapachike pafupi ndi msewu wa fumbi tsiku limodzi, ndipo ana aone chimene chakanirira. Mwana mmodzi apekese manja ouma, kenaka odzola mafuta, nafotokozere anzake kusiyana kwake.

5. Ntchito ya kunyumba: mwana aliyense afunse agogo kapena munthu wina wachikulire zimene akumbukira za masiku amene zinthu zinkasowa m'masitolo, ndipo alembe ndime imodzi. Ana a kumudzi kumene kulibe galimoto ayese mafuwa atatu omwewa pa njinga, pa ngolo kapena pa chigayo.